Chithunzi Chomwe Aphunzitsi Ankakana

Anthu a mumsewu umenewo anaiwala kalekale dzina limene wojambula uja anapatsidwa ndi makolo ake. Onse ankangomutchula kuti Mphezi, chifukwa ukamadutsa pa situdiyo yake unkaona mazenera akung'anima ngati kukubwera mvula, chonsecho dzuwa likuswa mtengo. Anali atajambula pafupifupi aliyense: akwati, makanda, anyamata ofuna ntchito, ngakhale agogo amene ankaumirira kuvala chipewa. Munthu mmodzi yekha ndi amene nyali zakezo zinali zisanamuwalirepo, ndipo munthuyo ndi amene iye ankafuna kumanga naye banja.

Mtsikanayo ankaphunzitsa ana aang'ono pasukulu ya kumapeto kwa msewu. Anadziwana tsiku limene Mphezi anapita kukajambula ana a kalasi yake pabwalo. Tsiku limenelo anamutchula kuti "Aphunzitsi" mwaulemu, ndipo dzinalo linakanirira, moti patatha miyezi isanu ndi itatu ali pachibwenzi ankamutchulabe choncho, mtsikanayo n'kumabwezera kuti "a Mphezi".

Lachiwiri lina kunali kamvula kowaza kuyambira m'mawa. Aphunzitsi anafika ataweruka, makope a ana ali m'chikwama, n'kupeza Mphezi atagwada pansi akumasula makatoni. Anali atagula nyali ziwiri zatsopano zoima pa miyendo itatu, iliyonse ndi ambulera yake yoyera.

"Bwerani mudzaone ana anga," anatero Mphezi, mano onse ali pamtunda.

"Mapasa?"

"Mapasa enieni. Uyu amaima kutsogolo, ndiye mwini nkhope. Uyu amabisala kumbali, ntchito yake n'kuthamangitsa mdima wa pansi pa chibwano. Ndikangodina batani kamodzi, onse awiri amayankha limodzi. Taimani apo muone."

"Osayatsa!" Mawuwo anatuluka mwamphamvu kuposa mmene mwini wake ankafunira. Anaseka pang'ono kuti aphimbe. "Ndikutanthauza kuti musavutike. Ndakhulupirira."

"Vuto lanu n'lakuti munazolowera kafulashi ka pafoni, kamene kamamenya munthu pamphumi ngati khofi, maso n'kutuluka ofiira ngati wagona kumowa. Izi n'zina. Kuwala sikubwera kwa inu molunjika. Kumayamba kwagunda mu ambulera, n'kubwerera kutafewa. Ngakhale munthu wa ziphuphu amatuluka ngati khanda."

"Ndiye mwati ndili ndi ziphuphu?"

"Ndati ngakhale."

Anaseka onse awiri, koma kuseka kwa Aphunzitsi kunathera panjira. Mphezi anaimirira n'kusasa fumbi m'maondo.

"Amayi akubwera Loweruka. Anena kale kuti sabwerera opanda chithunzi cha mpongozi wawo, choti akakhome pabalaza."

"Mudzatijambule pazenera, ngati masiku onse."

"Pazenera pati? Taonani kunjaku. Sabata ino dzuwa lapita kutchuthi."

Zinali zoona kuti zithunzi zonse za Aphunzitsi zimene Mphezi anali nazo zinali za pazenera kapena za panja. Kasitomala akalowa, mtsikanayo ankatuluka n'kukaima pakhonde, nkhope atalozetsa kumsewu, mpaka kung'anima kutatha. Mphezi ankangoti ndi manyazi, ndipo manyaziwo ankamusangalatsa.

Aphunzitsi anakhala pampando wa makasitomala, akusewera ndi lamba wa chikwama chake.

"Pali chimene ndikufuna ndikuuzeni, a Mphezi. Koma Loweruka lidutse kaye."

"Chabwino kapena choipa?"

"Loweruka lidutse kaye," anabwereza, maso ali pansi.

* * *

Chipinda choyandikana ndi situdiyo chinali saluni. Mwini wake anali mtsikana wina amene anthu ankamutchula kuti Paudala, chifukwa ndi amene ankaphoda akwati asanalowe kwa Mphezi kukajambulitsa. Pakati pa zipinda ziwirizo panali chitseko chimene sichinkatsekedwa. Kwa zaka zitatu anthu ankaona awiriwa akugwira ntchito limodzi, ndipo ambiri ankayesa kuti adzatengana. Paudala nayenso ankayesa choncho, mpaka tsiku limene mphunzitsi uja anatulukira.

Lachinayi masana Paudala anaima pachitseko chapakaticho akudzipala zikhadabo.

"Ndamva kuti apongozi akubwera. Mwana wasukuluyo wavomera kujambulidwa?"

"Si mwana wasukulu, ndi mphunzitsi."

"Kaya. Koma ine ndaphoda akazi ambiri, Mphezi. Sindinaonepo mkazi wokongola wodana ndi chithunzi chabwino. Mkazi akamakana chithunzi choti chikakhomedwe pakhoma, ndiye kuti alipo amene akuopa kuti achiona."

"Iwe, pita ukaotche tsitsi la anthu."

"Ndipita. Koma taona kaye ichi, usadzati sindinakuuze."

Anamupatsa foni. Chithunzicho chinali chakuda, chogwedezeka, chojambulidwa patali ndi munthu wobisala. Komabe diresi la mizere yobiriwira Mphezi ankalidziwa. Aphunzitsi ankakwera galimoto yofiira, ndipo mwamuna wina wamtali, wa mapewa otambalala, anali atamugwira pamsana.

"Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse," anatero Paudala motsitsa mawu, ngati akumumvera chisoni. "M'mawa sapita kusukulu. Galimoto imeneyi imadzamutenga pakona ya kwa wokonza nsapato. Ndaona katatu ndi maso angawa. Mawa ndi Lachisanu loyamba, ukadzionere wekha. Kandimverere anakanena za m'maluwa."

Mphezi anabweza foniyo. Atatsala yekha anayesa kupukuta magalasi a kamera, koma anapeza kuti akupukuta galasi limodzimodzi kachinayi.

M'mawa mwake anatseka situdiyo n'kupita kusukulu kuja. Anasuzumira pazenera la kalasi. Ana ankaimba matebulo, koma kutsogolo kunali mphunzitsi wina, mayi wachikulire wa magalasi. Mphezi anaima pansi pa khonde, mvula ikumudonthera pakhosi, n'kulemba uthenga.

"Mwadzuka bwanji? Muli kuti?"

Yankho linabwera patapita mphindi khumi.

"Ndili m'kalasi, ana akundisokosera. Tionana mawa. Ndasita kale diresi lokaonekera kwa amayi."

Anawerenga uthengawo katatu. Kenako analemba kuti, "Chabwino," n'kuika foni m'thumba.

* * *

Loweruka mayi ake a Mphezi anafika ndi basi ya m'mawa. Anali mayi wamfupi, wa mawu akuthwa, amene analera mwana wawo yekhayo bambo ake atamwalira. Atangomuona mtsikanayo anamugwira manja onse awiri, n'kumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Iwe," anatero potembenukira kwa mwana wawo, "ndi makutu akowo, mtsikana ngati uyu unamupeza bwanji? Mwanawe, sanakunamize kuti ali ndi galimoto?"

"Ayi, amayi. Anangondinamiza kuti amadziwa kuphika."

Mayiwo anaseka mpaka kupukuta misozi. Anacheza ola lathunthu ngati anthu odziwana kale. Anakambirana za ana osamva a m'kalasi, za mitengo ya nsalu, za mmene Mphezi ankaopera nkhuku ali mwana. Mphezi yekha ndi amene sankaseka. Ankayendayenda m'chipindamo, kukoka chinsalu chakumbuyo, kusuntha nyali, kutsegula maambulera. Kunja kunali mdima wa mvula ngakhale nthawi inali isanakwane 12 koloko.

"Basi, tijambule," anatero mayiwo akukonza duku. "Bwera, mwanawe, ukhale pafupi ndi ine."

Aphunzitsi anayandikira kwa Mphezi n'kunong'ona.

"Chonde, pazenera. Kapena tidikire kuti kunja kuyere."

"Mukuopa chiyani?" anafunsa Mphezi, nayenso monong'ona, maso ali pa kamera. "Kuti a galimoto yofiira achiona?"

Mtsikanayo anabwerera m'mbuyo pang'ono, koma Mphezi anapitiriza.

"Dzulo munali m'kalasi, eti? Ana akukusokoserani?"

"Si mmene mukuganizira. Ndikufotokozerani amayi akapita."

"Ngati mulibe chobisa, kakhaleni pampando."

Aphunzitsi anayang'ana mayi aja, amene ankamumwetulira akusisita mpando wopanda munthuwo. Anayang'ananso Mphezi, kwa nthawi yaitali. Kenako anapita kukakhala, manja atawapinda pamiyendo.

Mphezi anadina. Chipinda chonse chinayera mbee n'kubwereranso. Anayang'ana kumbuyo kwa kamera: amayi anali ataphethira, Aphunzitsi atatsinzina dala. Anadinanso. Chimodzimodzi.

"Aphunzitsi, tsegulani maso. Kapena nkhope yanga yakutopetsani?"

"Tsegula, mwanawe, sizipweteka," anatero mayiwo akumugwedeza ndi chigongono.

Anatsegula.

Nyali zatsopanozo zinali ndi luso limene zakale zinalibe. Zinkatha kung'anima motsatizana, osapumira, kuti pa zithunzi zambirizo papezeke chimodzi chimene palibe waphethira. Mphezi anatembenuza kabatani, n'kukanikiza chala osachotsa.

Ng'ani, ng'ani, ng'ani, ng'ani.

Poyamba anaona ngati mtsikanayo akuyang'ana chinthu china kudenga. Kenako anamva mfuu imodzi yokha, yosafanana ndi mawu ake, ndipo thupi lonse linauma gwa. Anapendekeka n'kugwa pampando, mutu n'kugunda pa chinsalu chapansi. Manja ndi miyendo zinayamba kugwedezeka mwamphamvu. Mphezi anazindikira mochedwa kuti chala chake chikadali pabatani, ndipo nyali zikung'animabe.

Paudala anatulukira pachitseko chapakati, makasitomala ake awiri ali pambuyo, wina tsitsi lili theka.

"Mayo! Khunyu! Muikeni supuni m'kamwa!"

"Musakhudze malovuwo, mutengera!" anakuwa wa tsitsi latheka uja.

"Palibe choika m'kamwa, ndipo palibe amene atengere!" Anali mayi ake a Mphezi. Anali atagwada kale pansi, atavula juzi yawo n'kuipinda pansi pa mutu wa mtsikanayo. "Iwe, zimitsa zinthu zakozo. Chotsa mipandoyi asadzipweteke. Usamugwire miyendo, musiye. Yang'ana wotchi, undiuze mphindi zikamadutsa. Inu enanu tulukani, si kanema ameneyu."

Mphezi ankangochita zimene wauzidwa ngati mwana. Mphindi imodzi. Mphindi ziwiri. Kugwedezeka kunayamba kuchepa. Mayiwo anamugoneka cham'mbali mwaluso, namupukuta thovu losakanikirana ndi magazi a lilime, kenako anatenga nsalu yawo n'kumufunditsa kuyambira m'chiuno, pamene diresi lositidwa bwino lija linali litanyowa. Ankamusisita pamsana akulankhula motsitsa, mawu amene Mphezi anali asanawamvepo pakamwa pawo.

"Basi, mwanangu. Zatha. Ndili pompano. Bwerera pang'onopang'ono."

Patapita nthawi Aphunzitsi anatsegula maso. Sanazindikire aliyense.

"Achimwene," anatero movutikira. "Itanani achimwene."

* * *

M'chikwama chake anapezamo kakhadi ka kuchipatala, kumbuyo kwake kutalembedwa nambala ya foni. Pasanathe theka la ola, galimoto yofiira inaima pakhomo la situdiyo. Munatuluka mwamuna wamtali, wa mapewa otambalala, wa mphumi ndi maso ngati a Aphunzitsi. Mphezi ankangomva kuti mtsikanayo ali ndi mchimwene wake wovuta kutsidya lina la tauni, koma anali asanakumanepo naye.

Mwamunayo ananyamula mlongo wakeyo ngati mwana n'kukamugoneka kumpando wakumbuyo. Anathokoza mayi aja mwaulemu, atagwira chipewa m'manja. Kenako anabwerera pakhonde pamene Mphezi anaima.

"Ndinu wojambula uja?"

"Ndine, achimwene."

"Ine si achimwene anu. Mukudziwa kuti ndi nthawi yaitali bwanji chigwereni komaliza? Zaka ziwiri ndi miyezi inayi. Mwezi uliwonse ndimamuperekeza kuchipatala kukatenga mankhwala, osaphonya. Dzulo lomweli adokotala amuyamikira. Lero ndi izi." Analoza maambulera oyera aja ndi chibwano. "Anakupemphani kuti musayatse?"

Mphezi anaweramitsa mutu.

"Ndafunsa. Anakupemphani?"

"Anandipempha."

"Kangati?"

"Kambiri."

Mwamunayo anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Mphezi ankalakalaka akanangomumenya.

"Ndinamuuza ine kuti mwa amuna onse a padziko, wasankhiranji wa nyali? Anati ndinu munthu womva. Ndisadzakuoneni pafupi naye."

* * *

Madzulo a tsiku limenelo, dzuwa lisanalowe, mayi ndi mwana anakhala m'chipinda chochezera cha Mphezi, tiyi akuzirala m'makapu.

"Amayi, munadziwa bwanji zochita?"

Mayiwo anayamba kupotokola mphete ya pachala.

"Mlongo wako uja, amene chithunzi chake chili kuchipinda kwanga. Tinakuuza kuti anapita ndi malungo."

"Eya."

"Sanali malungo. Anayamba kugwa ali ndi zaka zinayi. Zaka zisanu ndinakhala ndikumulondera ngati mkaka pamoto. Sindinkagona tulo tathunthu. Anzake ankamuthawa, achibale a bambo ako ankabisa makapu awo tikafika. Tsiku lina ndinamusiya akusamba m'beseni, ndinangopita kukanula zovala chifukwa mvula inkabwera. Iwe unali kumsana. Madzi ake sankafika n'komwe m'chigongono." Anasiya kupotokola mphete ija. "Nditabwerako ndinapeza nkhope ili m'madzi."

Mphezi anafuna kuwagwira dzanja koma iwo analibweza.

"Mtsikana uja ndamukonda, usaganize kuti ndadana naye. Pamene ndimamupukuta pakamwa paja ndimaona mwana wanga. N'chifukwa chake ndikukana. Ndinakwirira kamodzi, sindingayambirenso kudikira foni yoti wagwera pa mbaula, kapena wagwa ali ndi mdzukulu wanga m'manja."

"Masiku ano kuli mankhwala abwino, amayi. Wakhala zaka ziwiri osagwa. Lero ndamugwetsa ndine."

"Ndiye ukundiuza chiyani? Iweyo umadyera chiyani? Si kung'animitsa nyali kuyambira m'mawa mpaka madzulo? Usiya kamera? Kapena mkazi wako azidzaima pakhonde moyo wake wonse ngati wobwera kudzapempha moto?"

"Ndipeza njira."

"Bambo ako ankateronso. Njira yake inali ya kumowa." Anaimirira n'kutola makapu. "Mawa sindipita. Ndikhala kuno mpaka nkhaniyi ithe, ndipo amalume ako ayenera kuimva."

* * *

Lamlungu Mphezi analemba mauthenga asanu ndi limodzi. "Mwadzuka bwanji?" "Ndalakwa." "Ndiyankheni ngakhale ndi chitonzo." Onse ankaoneka kuti awerengedwa, koma panalibe yankho. Lolemba anajambula banja lina lobwera ndi khanda, ndipo nyali zitang'anima koyamba anazizimitsa n'kuwapempha kuti asunthire pazenera. Zithunzi zinatuluka zakuda, bambo wa khandalo n'kuchoka akung'ung'udza. Lachiwiri sanatsegule n'komwe.

Lachinayi masana foni inalira. Anali Aphunzitsi.

"Bwerani kwa achimwene 3 koloko. Iwo akhala ali kuntchito. Geti lakuda, pafupi ndi thanki ya madzi."

Anamupeza atakhala pakhonde, atavala juzi yaikulu ya mchimwene wake, chipumi chili ndi kachotupa. Ankalankhula pang'onopang'ono chifukwa lilime linali lisanapole. Sanamupatse mpando. Mphezi anakhala pa sitepe, m'munsi mwake.

"Ndinkafuna amayi anu ayambe aona ine," anatero Aphunzitsi, "asanaone matenda. Tsiku limodzi lokha. Ndinkati akandikonda, Lamlungu ndikuuzani zonse."

"Bwanji simunandiuze kalekale?"

"Ndinauzapo munthu wina. Zonse za ukwati zinali zitakonzeka, diresi litasokedwa. Ndinamuuza Lolemba, pofika Lachisanu anali atasamuka nyumba. Inu munali woyamba kundiyang'ana osaoneka ngati mukudikira kuti ndigwe. Ndinkafuna zipitirire pang'ono." Anapukuta m'maso ndi mkono wa juzi. "Si onse odwala matendawa amene amaopa nyali. Ine adokotala anandiyeza ndi nyali yophethiraphethira, n'kundiuza kuti anga ndi a mtundu umenewo. Kung'anima kamodzi ndikanapirira. N'chifukwa chake ndinakhala pampando paja. Ndinati kamodzi kapena kawiri, nditsinzina, zitha."

"Ndinaona chithunzi cha inu ndi achimwene. Ndinapita kusukulu, sindinakupezeni. Mutu unazungulira."

"Ndinakunamizani, zimenezo ndikuvomera. Koma inu munandiona ndikuchita mantha, a Mphezi. Munaona, n'kukanikizabe."

Mphezi anayamba kulankhula mofulumira, ngati munthu wotunga madzi m'dengu.

"Ndizigulitsa nyali zija. Kuli zina zosang'anima, zimangoyaka osazima ngati babu la m'nyumba. Zimatentha, zimafuna kamera yodekha, koma ndiphunzira. Ndikhoza kuboola khoma n'kuika zenera lalikulu. Amayi ndilankhula nawo, ali ndi bala lawo lakale, koma akukondani. Ndipatseni mpata umodzi."

Aphunzitsi anamuyang'ana, ndipo kwa kanthawi nkhope yake inafewa moti Mphezi anayamba kupuma. Koma mtsikanayo anapisa dzanja m'thumba la juzi n'kutulutsa foni.

"Sindinakuitanireni zimenezo. Dzulo ndinabwerera kusukulu. Ndisanafike n'komwe m'kalasi, a hedi anandiitanira ku ofesi. Akuti makolo ena abwera kudzanena kuti sakufuna ana awo aziphunzitsidwa ndi munthu wakugwa. Akuti ndiyambe ndapuma kunyumba mpaka komiti ikumane. Zaka zinayi ndaphunzitsa pamenepo, palibe mwana amene anandionapo nditagwa. Ndinafunsa kuti adziwa bwanji. Anandionetsa izi."

Mphezi analandira foniyo. Zinali zithunzi zitatu. Choyamba, maso atatembenuka. Chachiwiri, akupendekeka pampando, amayi atatambasula dzanja. Chachitatu, ali pansi, pakamwa patapotoka, diresi litakwera mpaka m'maondo. Sizinali za pafoni ya munthu wongodutsa. Zinali zoyera bwino, zakuthwa moti tsitsi lililonse linkawerengeka, popanda mdima ngakhale pansi pa chibwano. Pakona ya chilichonse panali kachizindikiro ka situdiyo yake.

"Zili pagulu la makolo a sukulu yonse," anatero Aphunzitsi. "Mwandijambula bwino, a Mphezi."

"Si ine. Ndikulumbira, sindinaziyang'ane n'komwe."

"Kamera ndi yanu. Achimwene sanazionebe. Akaziona, sindikudziwa chimene adzachite. Pitani asanabwere."

Analowa m'nyumba n'kutseka chitseko mwakachetechete.

* * *

Mphezi sanadikire basi. Anathamanga mpaka kumsewu wake, malaya atanyowa ndi thukuta ndi mvula. Kamera yake inkatumiza yokha zithunzi ku kompyuta ya mu situdiyo, ndipo anthu odziwa mawu otsegulira kompyutayo anali awiri okha: iye, ndi amene ankabwera kudzasankhamo zithunzi za akwati ake.

Anakankha chitseko cha saluni mwamphamvu moti mabotolo anagwedera pashelefu. Paudala anali yekha, akutsuka zipeso m'beseni. Sanadzidzimuke.

"Wamuchotsetsa ntchito! Wamva? Unandinamiza za galimoto, sizinakukwanire?"

"Za galimoto sindinaname. Ndinakuonetsa zimene ndinaona, zinazo unawonjezera wekha." Anapukuta manja ndi thaulo, chala chimodzichimodzi. "Ndipo kusukulu kuja ine sindikudziwako aliyense. Mwana ndilibe, pagulu la makolo ndingalowepo bwanji?"

"Kompyuta ija unatsegula ndiwe."

"Ndinatsegula, sindikukana. Munthu wamkulu akakupempha chinthu misozi ili m'maso, umakana? Anati akufuna umboni woti akaonetse achibale, chifukwa iwe sukumva. Ndinawatumizira zitatu pafoni yawo. Kumene zinapita zitachoka pamenepo, ine sindikudziwa."

Mphezi anagwira msana wa mpando wometera.

"Ndani?"

Paudala anamuyang'ana kudzera pagalasi lalikulu la pakhoma, ndipo ulendo uno chisoni cha pankhope pake chinkaoneka ngati chenicheni.

"Pita kunyumba, Mphezi. Ukawafunse mayi ako."